Mwana Wanga, Usanasinthe Giyabokosi ya Hilux Yakoyo

Mwana wanga, ndamva kuti giyabokosi ya Hilux yako yayamba kulira, giya yachisanu ikutuluka yokha, ndipo anzako akukulimbikitsa kuti uchotse G52 yomwe inabwera ndi galimotoyo n'kuikamo R151F ya zitsulo zonenepa. Sakunama ayi, R151F ndi yolimbadi. A Toyota ankaimanga ku mainjini amphamvu a turbo monga 1KZ-TE, pomwe yakoyo anaiyeza ndi injini ya 3L, ya malita 2.8, yopanda turbo. Sindikukuletsa. Koma khala pansi undimvere, pakuti walira mvula walira matope.

Choyamba, fufuza chimene chapha giyabokosi yakaleyo. Chitsulo sichifa chokha. Galimoto yakoyo ndi ya tani imodzi, ndiye kuti matumba 20 a chimanga a makilogalamu 50. Ngati umakweza kuposa apo, pamwamba n'kukhazikapo anthu a matola, wolakwa si giyabokosi. Ngati umakwera mtunda ndi katundu uli mu giya yachisanu pofuna kupulumutsa dizilo, wolakwa ndiwe. Mu giya yachinayi mphamvu ya injini imangodutsa molunjika, koma mu yachisanu imakhotera pa timagiya tating'ono, ndipo katundu akalemera timeneti ndi timene timayamba kudyeka. Ukapanda kusiya khalidwe limeneli, yatsopanoyo idzangochedwa pang'ono, koma idzafa imfa yomweyo.

Chachiwiri, usakhulupirire wokuuza kuti za Toyota zonse zimangolowana. Pakati pa injini ndi giyabokosi pali bell housing, chigoba chomwe chimaphimba kilatchi. Mabowo a mabawuti a G52 ndi a R151F ndi osiyana, ndipo chigoba chochokera pa 1KZ-TE sichigwirizana ndi injini yako. Uyenera kupeza chomwe chikugwira injini ya mtundu wako kutsogolo ndi giyabokosi ya R kumbuyo. Makaniko akati tingoboola mabowo ena kapena tiwotcherere, nyamula katundu wako uzipita. Shafuti ikapanda kulunjika ndi injini, ngakhale pang'ono pokha, imadya mabering'i ndi kilatchi mwezi usanathe.

Chachitatu, werenga mano ndi chala chako. Galimoto yako ndi yokoka matayala onse anayi, choncho kumbuyo kwa giyabokosi kuli transfer case. Shafuti yotuluka mu G52 ili ndi mano 21, ya R151F ili ndi 23. Ziwirizi sizingakwatirane. Nzeru ndi kugula giyabokosi pamodzi ndi transfer case yake, zisanalekanitsidwe. Ukagula chimodzi chokha poona kutchipa, galimoto idzakhala pa garaja miyezi, iwe ukuzungulira ku Ndirande ndi ku Limbe kufunafuna chinzake, ngongole ikukula. Safunsa anadya phula.

Chachinayi, tenga tepi uyeze usanatulutse ndalama. Giyabokosi ikasiyana kutalika ndi yakale, zambiri pansi pa galimoto zimasuntha: chitsulo chopingasa chomwe imakhalira, bowo la ndodo ya magiya, ndi ma propshaft onse awiri. Propshaft yayifupi imasolokoka galimoto ikadumpha m'dzenje, yayitali imagunda ndi kuswa transfer case. Ikafunika kudula, ipereke kwa odziwa kuilinganiza pa makina, osati wowotcherera mageti. Yopindika imanjenjemeretsa galimoto yonse mpaka kumasula mabawuti. Usaiwalenso waya wa nyale ya rivesi ndi chingwe cha sipidomita, chifukwa apolisi apamsewu sadzamva nkhani yako ya giyabokosi.

Chachisanu, poti giyabokosi yatsika kale, sintha kilatchi yonse: mbale yake, chopanikizira, bering'i yokankha, ndi kabering'i kakang'ono ka pakati pa flywheel. Yang'ananso ngati oyilo sakudontha kumbuyo kwa injini. Ndikudziwa kuti m'thumba mwauma, koma kabering'i kotchipako kakalira sabata yamawa, udzalipiranso ntchito yonse yotsitsa ndi kukweza.

Chachisanu ndi chimodzi, samala pogula yogwirapo kale ntchito. Penti ndi kutsuka sizikuuza kanthu. Masula bawuti yotsitsira oyilo uone zomwe zatuluka. Kafumbi kosalala ka chitsulo n'kachibadwa, koma ukapeza tizibenthu, dziwa kuti amenewo ndi mano a magiya. Zunguza shafuti ndi dzanja, ulowetse giya iliyonse mpaka rivesi, umve ngati sikukakamira. Upite ndi makaniko wako, osati wa wogulitsayo, ndipo mulemberane kuti ikapezeka yowonongeka idzabwezedwa. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Chachisanu ndi chiwiri, usalowe pansi pa galimoto yoimikidwa pa jeke yekha kapena pa njerwa. Jeke amaphwa, njerwa zimaphwanyika. Ika zoimikira zachitsulo pamalo olimba, utsekere matayala, uchotse waya wa batire. Giyabokosi ndi transfer case pamodzi si katundu wolandira ndi chifuwa. Ndaona amuna amphamvu akupunduka manja chifukwa chonyozera zimenezi, ndipo ana awo ndi amene anavutika. Mukamaliza kumanga, thiramo oyilo wa magiya amene a Toyota analamula mpaka afike pa bowo lothirira, osati wotsala wa injini.

Tsono mvetsetsa ichi, chifukwa ndicho chachikulu pa zonse. Giya yoyamba ya G52 ndi 3.93, ya R151F ndi 4.31, kutanthauza kuti injini imazungulira kochulukirapo tayala lisanasunthe kwambiri. Galimoto idzanyamuka mosavuta pa mtunda, ndipo mtima wako udzakunamiza kuti tsopano ili ndi mphamvu za lole. Pamenepo ndi pomwe pali msampha. Difu ndi yomwe ija, ma ekiselo ndi omwe aja, masipuling'i, matayala ndi mabuleki sizinasinthe. Kale giyabokosi ndiyo inkalira kukuchenjeza kuti wakweza mopyola. Tsopano idzakhala chete, ndipo chimene chidzathyoke ndi china, mwina ekiselo, mwina tayala, uli pa liwiro.

Ganizira za kutsika, osati kukwera kokha. Pa Thabwa polowera ku Chikwawa, pa Khwekhwerere potsikira ku Golomoti, kapena pa Chiweta, katundu wopyola muyeso amakankha galimoto kumbuyo, mabuleki n'kutentha mpaka kusiya kugwira. Tsika ndi giya yomwe ukadakwerera, injini ikuthandize kugwira galimoto. Usayerekeze kuika pa fili pofuna kusunga mafuta. Amene wawakweza kumbuyoko ndi ana a eni, ndipo maliro awo udzawayankha ndiwe.

Choncho werengera zonse, mwana wanga: giyabokosi, transfer case, bell housing, kilatchi, ma propshaft ndi malipiro a makaniko. Ukapeza kuti ndalama sizikukwana kuchita zonse bwinobwino, konzetsa G52 yakoyo, uikire mabering'i atsopano, uziyenda maulendo awiri m'malo mwa umodzi. Ngati ntchito yakula mpaka tani imodzi sikukwaniranso, sunga ndalama ugule lole. Giyabokosi yolimba ndi yabwino kwa munthu amene amakweza mwa muyeso. Ukhale munthu ameneyo, kenako ukasinthe.