Mutu umodzi susenza denga

Amene anaonapo nkhokwe ikumangidwa akudziwa kuti denga limalukidwira pansi. Likatha, amuna amalowa kunsi kwake, aliyense mbali yake, n'kulikweza pamodzi. Mmodzi akazengereza, denga limapendama.

Amalonda adazindikira izi kalekale. Bungwe la Malawi Confederation of Chambers of Commerce and Industry mizu yake idayamba mu 1892, ngakhale kuti masiku amenewo osenzawo anali makamaka azungu. Lero mwini fakitale akadandaula yekha za kusowa kwa ndalama zakunja, misonkho kapena kuzimazima kwa magetsi, ndani angamumvere? Koma bungweli likapereka madandaulo omwewo kwa nduna ya zachuma bajeti isanalembedwe, boma limatchera khutu, ngakhale monyinyirika. Bungweli ndilonso limakonza chionetsero cha zamalonda ku Chichiri mu Blantyre, kumene wopanga sopo amakumana ndi wogula yemwe sakanamupeza yekha.

Funso langa n'lakuti, nanga mayi wogulitsa ufa mumsika wa Limbe, amuyankhulira ndani? Atsogoleri a bungweli, tsikani m'misika, mukalembe amalonda ang'onoang'ono pa mtengo woti angaukwanitse.