Katundu wa digiri yachiwiri

"Mutu umodzi susenza denga." Ndiko kuti ntchito yolemera imafuna anthu ambiri.

Mwana wa ku Lupande, m'boma la Mambwe, akapita kukachita digiri yachiwiri ku University of Zambia, mudzi wonse umanyadira. Koma ku Lusaka amatsala yekha: kafukufuku sakuyenda, ndalama za lendi zasowa, mphunzitsi womuyang'anira watanganidwa, kumudzi akuyembekeza thandizo. Tulo timasowa. Ena amabisa, poopa kunenedwa kuti ngoyenera kuchipatala cha amisala cha Chainama.

Imeneyi si misala ayi, ndi denga losenzedwa ndi mutu umodzi. Pa yunivesitepo pali alangizi omva nkhawa zotere mwachinsinsi. Ophunzira inu, pitani msanga. Makolo, mukaimba foni musamangofunsa kuti amaliza liti; funsaninso ngati mwana wanu akudya ndi kugona bwino.