Kodi Cimamva Ndi Khutu, Kapena Diso?

Alipo anthu amene cikondwerero cao ndico kusankha ndi kulinganiza makina oimba nyimbo. Wina agula zokuzira mau za mtengo woposa wa galimoto, nacezera usiku kumvetsera ngati ng'oma imveka bwino koposa pa makina a mnzace. Ine sinditsutsa zimenezi, pakuti kukonda mau okoma si kulakwa. Koma ndifunsa: kodi munthuyo amva ndi khutu lace, kapena ndi diso limene laona mtengo?

Kuyambira 1915 kampani ya Thomas Edison inkaimika woimba pambali pa galamafoni yace, nizima nyali. Woimbayo nacoka mumdima, ndipo ambiri sanazindikire kuti atsala kuimba ndi makina okha. Makina amene lero ngakhale mwana angawaseke! Tsono mu 2007, ku Amerika, Meyer ndi Moran anaimbira anthu mbale za SACD, zochuka kuti ziposa CD, nawaimbiranso mau omwewo atawacepetsa kufikira muyeso wa CD, osawauza uku ndi kuti. Mwa mayesero 554 omverawo analondola 276 okha, monga munthu wongolota.

Wonena kuti, "Ndamva kusiyana," sanama dala ai. Mtima wace ndiwo wayamba kumnamiza. Koma akapita kukayamikira makinawo kwa mnzace, bodzalo lidya ndalama za wina. Ayambe wawaphimba ndi nsaru, nalinganize kukwera kwa mau, pakuti makina okweza pang'ono amveka ngati okoma koposa.