Kodi Chibwibwi Ndi Kuchepa kwa Chikhulupiriro?



Sabata ino ndikamba ndi inu amene mawu amakugwirani pakhosi. Muli pa UNZA kapena pa koleji ina, yankho mukulidziwa bwino, koma lecturer akafunsa mumayang'ana pansi. Tsiku la presentation mumanamizira mutu. Pa interview, ngakhale dzina lanu lomwe limakana kutuluka. Ndiye wina akuuzani ati, “Ni mzimu uwo, ufunika deliverance.” Mwapita kutsogolo kangapo, chibwibwi chikadalipo. Manje mwayamba kufunsa ngati vuto ndi chikhulupiriro chanu.

Machiritso timawakhulupirira, musandimve molakwa. Koma tsegulani Eksodo 4. Mose anadandaula kuti pakamwa pake ndi lilime lake n'zolemera. Mulungu sanamukalipire pa chimenecho, komanso sanamuchiritse pomwepo. Anamukumbutsa amene analenga pakamwa, nalonjeza kukhala naye polankhula. Mkwiyo wa Yehova unayaka pa vesi 14, Mose atapempha kuti atumidwe wina. Chimene chinamukwiyitsa si lilime, ndi kuthawa ntchito. Ngakhale apo anamupatsa Aroni womuthandiza. Pa chaputala 6 Mose akudandaulabe za milomo yake, koma kwa Farao akupita ndithu.

Pa akuluakulu 100 alionse, pafupifupi mmodzi ali ndi chibwibwi, ambiri ndi amuna, ndipo nthawi zambiri chimayenda m'banja. Chimachokera pa mmene ubongo umayendetsera mawu, si umbuli kapena tchimo. Mantha amangochikulitsa. N'chifukwa chake ambiri akamaimba sagwidwa konse, mwina mwamuona m'bale wotere mu praise team. Joe Biden anakula nacho, koma mu 2021 anakhala pulezidenti wa America.

Choncho pempherani, komanso kaonaneni ndi speech therapist ngati mungamupeze, ziwirizi sizitsutsana. Pa interview nenani poyamba pomwe: “Ndili ndi chibwibwi, mundipatseko nthawi.” Kubisa ndiko kumatopetsa kwambiri. Ndipo musasiye kosi imene mumaikonda chifukwa choti ili ndi zokambakamba.

Enafe amene mawu amangotuluka, apa pali mlandu wathu. Timamumalizira mawu, timayang'ana kumbali, ana akamuseka nafenso timamwetulira. Atsogoleri a ma cell, Lachitatu lino mufunseni ngati angakonde kuwerenga vesi. Akavomera, mudikireni mpaka amalize yekha, ngakhale patapita mphindi zitatu.