Ndinapempha Nzeru, Ambuye Ananditumizira Munthu

Ndine mphunzitsi wa Biology pa sekondale ina m'boma la Dedza, ndipo ndikufuna kuchitira umboni za chimene Mulungu anandichitira ndili ku koleji ku Zomba. Ambiri akamachitira umboni za sukulu amanena za fizi imene inapezeka pomwe chiyembekezo chinali chitatha. Ndimakondwera nawo, chifukwa Mulungu ali ndi njira zambiri zofikira ana ake. Ine anandifikira ponditumizira munthu woti andiphunzitse kuwerenga.

Kwathu ndi ku Ntcheu, kufupi ndi Lizulu. Bambo anatisiya ndili ku pulayimale, ndiye anatilera ndi amayi okha, podalira dimba la tomato, kabichi ndi kachewere. Sekondale ndinaphunzira pa CDSS ya kwathu komweko. Mabuku anali ochepa, choncho aphunzitsi ankadzaza bolodi ndi manotsi, ife n'kumakopera, madzulo n'kukaloweza. Aphunzitsi amenewo ndimawathokoza mpaka lero, chifukwa anachita zazikulu ndi choko chokha. Kuloweza komweko kunandikhozetsa MSCE, ndipo dzina langa litatuluka pa mndandanda wa osankhidwa kupita ku yunivesite, amayi a Mvano a mpingo wathu anabwera kunyumba kudzathokoza Mulungu nafe.

Ku koleji ndinakapeza zina. Aphunzitsi ankalowa, kulankhula Chingerezi chothamanga kwa ola lathunthu, kutchula mabuku oti tikawerenge ku laibulale, n'kutuluka. Panalibe woti akulembere pa bolodi kuti loweza ichi. Ndinkayesetsa kulemba liwu lililonse lotuluka pakamwa pawo, dzanja n'kuchita dzanzi, koma potuluka m'kalasi sindinkadziwa kuti mfundo yaikulu inali iti. Usiku ndinkachezera, mapazi ndaviika m'beseni la madzi ozizira kuti ndisaodzere, cholembera chachikasu chili m'manja, ndikupaka mzere ndi mzere mpaka tsamba lonse kusanduka chikasu. Khama linalipo, ndipo Mulungu akudziwa kuti linalipo. Koma zotsatira zitatuluka ndinapezeka ndi sapu, mayeso obwereza a phunziro limene ndinalephera, ndipo aliyense amene anadutsa pa koleji akudziwa chimene chimabwera sapu ikakukanika. Mawu oti kuwidedwa, kutanthauza kuchotsedwa pa koleji, ankandilirira m'makutu. Ndikaganiza za amayi atakhala m'mbali mwa msewu pa Lizulu, akuthamangira basi iliyonse ndi beseni la tomato kuti ine ndidye ku Zomba, chakudya sichinkatsika.

Ndinkasonkhana ndi anzanga a SCOM, bungwe la ophunzira achikhristu. Madzulo ena mlaliki anatikumbutsa za chaputala choyamba cha kalata ya Yakobo, pamene wosowa nzeru akuuzidwa kuti apemphe kwa Mulungu. Ndinagwada m'chipinda changa usiku umenewo, mnzanga wogona naye chipinda chimodzi ali m'tulo, ndipo ndinalira pamaso pa Ambuye. Ndinati, "Atate, mwandifikitsa kuno ndi Inu. Musalole kuti ndibwerere kumudzi chimanjamanja. Ndipatseni nzeru."

Yankho linabwera sabata yomweyo, m'laibulale. Mtsikana wina wa chaka chachinayi, amene ankatsogolera nyimbo ku SCOM, anaima pa tebulo langa n'kuyang'ana buku langa lachikasu lija.

"Mng'ono wanga, ukuwerenga chiyani?"

"Mmene impso imasefera magazi, achemwali."

"Wazimva?"

"Eya, ndabwereza kambirimbiri."

Anatseka bukulo, n'kuliika pansi pa chigongono chawo, n'kundipatsa pepala lopanda kanthu. "Jambula nephron. Undiuze chimene chikuchitika paliponse." Ndinajambula kampira ka timitsempha tamagazi kaja ndi kachikho kokazungulira, ndinatsitsa kapaipi n'kukakhotetsa kuti kakwerenso. Dzina loti loop of Henle ndinalilemba molondola. Atandifunsa chifukwa chimene kapaipiko kamatsikira pansi chonchi kenako n'kukwera, ndinangoti kukamwa yasa. Tsambalo ndinkaliona m'maganizo, ngakhale malo amene panali chithunzi, koma yankho munalibe.

"Maso ako alizolowera tsambali," anatero mofatsa, "ndiye akukunamiza kuti wadziwa. Pa mayeso buku silikhalapo. Uziwerenga kagawo kamodzi, utseke, ulembe zonse zimene ukukumbukira, kenako utsegule uone zimene wasiya. Pamene wakanika ndi pomwe pali ntchito yako ya lero." Anapemphera nane mwachidule, monong'ona, pa tebulo pomwepo, n'kubwerera ku mabuku awo a Chemistry.

Abale, njira imeneyi poyamba imapweteka. Kubwereza tsamba kumatonthoza mtima, chifukwa chilichonse chimaoneka chodziwika. Pepala lopanda kanthu limakuonetsa umbuli wako poyera, ndipo masiku oyamba ndinkatuluka m'laibulale ndikudziona wopanda nzeru kuposa kale. Koma patapita milungu ndinayamba kuona kuti chimene ndavutika kuchikumbukira lero, mawa chikubwera msanga. Achemwali aja anandionetsanso kalembedwe ka manotsi: kulemba mzere wotsika kumanzere kwa tsamba, mbali yaikulu kulembamo mfundo zikuluzikulu zokha za m'kalasi, ndipo madzulo a tsiku lomwelo kulemba mafunso m'kambali kakang'onoko. Pobwereza, umaphimba mbali yaikulu ndi dzanja n'kuyankha mafunsowo. Ndinasiya kuthamangitsana ndi liwu lililonse la aphunzitsi, ndinayamba kumvetsera.

Anandiikanso m'kagulu ka anthu anayi. Lamulo lathu linali lakuti aliyense abwere atawerenga kale, ndipo afotokozere anzake m'Chichewa, buku litatsekedwa. Apa ndi pamene ndinaona kuti Chingerezi chimatha kubisa kusamva, chifukwa munthu ungalakatule chiganizo cha m'buku chonse osadziwa chimene chikunena. Koma unene m'chilankhulo cha amayi ako kuti mbali yotsika ya kapaipi kaja imalola madzi kutuluka, pamene yokwera imatulutsa mchere koma madzi siyiwalola, ndipo mchere wounjikana m'kati mwa impsowo ndi umene umakoka madzi kubwerera m'thupi kuti munthu asataye ambiri pokodza. Ukafika ponena chonchi, wamva, ndipo kuzibweza m'Chingerezi pa mayeso sikuvuta. Tinkatenganso mapepala a mayeso a zaka zam'mbuyo n'kumayankha titatchera nthawi pa wotchi. Mapepalawo anatiphunzitsa kuti ku koleji safuna kwenikweni kuti utchule zinthu, amafuna ufotokoze chifukwa chake ndi kusiyanitsa china ndi chinzake.

Chinthu china ndinachimvetsa ndili kumudzi pa tchuthi. Ndinkawafotokozera amayi kudimba kuti tsopano phunziro lililonse ndimalibwerera mawa lake, kenako pakatha masiku angapo, kenako pakatha sabata, m'malo modikira kuti mayeso ayandikire. Amayi sanapite patali ndi sukulu, koma anaika kheni pansi n'kunena kuti, "Nanga mwana wanga, tomato uyu ungamuthire madzi a mwezi wonse tsiku limodzi? Angoyenderera, mbewu n'kufota." Ndinaseka ndi chimwemwe, chifukwa Mulungu anali atanena nane kachiwiri, pakamwa pa mayi wanga.

M'chaka chachiwiri, pa phunziro la kaganizidwe ka ophunzira limene aliyense wofuna uphunzitsi amatenga, ndinakumana ndi zomwezi m'mabuku. Katswiri wa ku Germany, Hermann Ebbinghaus, anasindikiza mu 1885 zimene anapeza podziyesa yekha ndi timawu topanda tanthauzo: kuti munthu amaiwala mofulumira kwambiri m'maola ndi masiku oyambirira, kenako kuiwalako kumachepa liwiro, ndipo kubwereza motalikanitsa kumasunga zambiri kusiyana ndi kuunjika. Mu 2006, Henry Roediger ndi Jeffrey Karpicke ku America anapatsa ophunzira nkhani zoti awerenge. Ena anabwereza kuwerenga, ena anatseka n'kulemba zimene ankakumbukira. Atayesedwa patangopita mphindi 5, obwereza aja anachita bwino. Atayesedwa patatha sabata, odziyesa aja anawaposa. Ndipo mu 2013 John Dunlosky ndi anzake anaunika njira 10 zimene ophunzira amagwiritsa ntchito, napeza kuti kudziyesa ndi kutalikanitsa nthawi yobwereza ndizo zothandiza kwambiri, pamene kupaka mizere ndi kubwereza kuwerenga zili m'gulu la zothandiza pang'ono. Nditawerenga zimenezi ndinakhala kaye chete m'laibulale muja. Zimene akatswiri anazifufuza zaka zambiri, Ambuye anandipatsa kwaulere, kudzera mwa mlongo wa m'pemphero ndi mayi wa kudimba. Amene anaumba ubongo ndi Iye, ndipo akudziwa mmene umagwirira zinthu.

Beseni la madzi ozizira lija ndinalisiya. Ndinaphunzira kuti tulo timathandiza ubongo kukhazikitsa zimene munthu waphunzira masana, choncho ndinayamba kugona nthawi yabwino ndi kudzuka m'mamawa: pemphero ndi Mawu kaye, kenako phunziro lovuta kuposa onse mutu ukadali wopepuka. Foni ndinkaizimitsa n'kuitsekera m'chikwama. Lamulungu ndinalipereka kwa Mwini wake, ndipo Lolemba ndinkadzuka ndi mphamvu zimene kale sindinkazidziwa. Ndinalimbanso mtima n'kuyamba kugogoda pa maofesi a aphunzitsi. Ife ana akumudzi tinaleredwa moopa kufunsa akuluakulu, koma ndinapeza kuti ukapita ndi funso lenileni, losonyeza kuti wayesa wekha n'kukanika pakutipakuti, ambiri amakulandira ndi manja awiri.

Mayesero sanasowe. Mayeso ena atayandikira, mnzanga anandionetsa likasa, timapepala tolembedwa tizilembo ting'onoting'ono, n'kunena kuti akhoza kundikonzera langa. Ndikuthokoza Mulungu kuti pa nthawiyo anali atandichotsera kale mantha amene amakankhira anthu ku zimenezi. Ndinali nditadziyesa ndekha pa pepala lopanda kanthu mobwerezabwereza, ndipo ndinkadziwa chimene chili m'mutu mwanga. Ndinamukana, n'kumuitanira ku kagulu kathu. Anabwera, ndipo tinamaliza limodzi.

Pali chimene chimandiwawa ndikaona ana a Mulungu m'makoleji mwathu, ndipo ndichinena mwachikondi. Alipo amene semesita yonse ali pa misonkhano ndi mapemphero ochezera, buku osaligwira, ndipo mayeso akafika amadzozetsa zolembera n'kumayembekeza kuti Mzimu Woyera awakumbutse zimene sanaziwerengepo. Akalephera, chikhulupiriro chawo chimagwedezeka, ndipo anzawo osapemphera amanyoza dzina la Ambuye. Pemphero ndimalikhulupirira ndi mtima wanga wonse, popanda ilo sindikanakhala pano. Koma taonani Danieli ndi anzake atatu aja ku Babulo. Baibulo likutiuza kuti Mulungu ndiye anawapatsa nzeru, komanso likutiuza kuti anakhala zaka zitatu akuphunzira chilankhulo ndi mabuku a Ababulo asanaimirire pamaso pa Nebukadinezara kuti awafunse mafunso. Anakana chakudya cha mfumu, koma sukulu ya mfumu sanaikane. Mulungu anadalitsa anyamata amene anakhala pansi n'kuphunzira chilankhulo chachilendo, monga momwe ife timalimbanirana ndi Chingerezi.

Sapu ija ndinakhoza, ndipo sindinalembenso ina mpaka kumaliza. Ndalama zinkavutabe, ngongole ya boma yothandizira ophunzira sinkakwanira zonse, ndipo masiku ena ndinkadya kamodzi, koma mantha a kuwidedwa anachoka. Tsiku lolandira digiri, amayi anabwera ku Zomba atavala chitenje chatsopano chimene anasunga m'sutikesi miyezi yambiri. Dzina langa litatchulidwa mu Great Hall, ndinamva nthungululu yawo pakati pa khamu lonse lija, ndipo ndinaizindikira. Panja anandigwira manja onse awiri n'kunena kuti, "Mulungu wa ana amasiye sagona." Achemwali aja anali atamaliza kale n'kupita kukagwira ntchito, koma ndinawaimbira foni madzulo ake, ndipo tinathokoza Ambuye limodzi.

Lero ndikaima kutsogolo kwa ana a Fomu 4, ndisanayambe phunziro latsopano ndimawauza kuti atseke makope, atulutse pepala, alembe zimene akukumbukira za dzulo. Amadandaula monga ndinkadandaulira ine, ndipo ndimawapempherera ndikuyendayenda pakati pa madesiki. Ena mwa iwo ali m'makoleji tsopano, ku Bunda, ku Mzuzu, ku Domasi, ndipo akabwera pa tchuthi amandiuza kuti ayambitsa timagulu tawo.

Ulemerero wonse ubwerere kwa Mulungu Atate, amene anamva kulira kwa mwana wa mayi wogulitsa tomato. Ndikupempheni chinthu chimodzi, abale ndi alongo. Mlongo wanga wotsiriza m'mimba mwathu wasankhidwa chaka chino kukaphunzira za ulimi, ndipo akunyamuka posachedwa. Ndakhala naye pansi n'kumuonetsa zonse zimene ndinaonetsedwa. Mumuike m'mapemphero anu, kuti Ambuye amupezere anzake oopa Mulungu oti aziwerenga nawo, ndiponso kuti amayi akhale ndi moyo adzaone tsiku lake. Amen.