CIDAKWA: WOCIMWA KODI, KAPENA WODWALA?

Palibe mlandu umene ubwera kawiri kawiri pa bwalo la akulu a mpingo woposa mlandu wa mowa. Munthu aimirira pamaso pa akulu, nabvomera kuti analedzera. Aikidwa pa cilango miyezi yace, nabwezedwa ku Mgonero. Ndipo cimanga cisanace m'munda, dzina lomwelo lilembedwanso m'buku la milandu. Pamenepo akulu agawikana. Ena ati, Munthu uyu aumitsa mtima, adulidwe. Ena ati, Iai, ndi nthenda iyi, ndipo wodwala salangidwa. Akabalalika akuluwo, munthuyo abwerera kwao monga anadzera, ndipo mkazi wace abisanso thumba la feteleza kwa anansi, kuti lingagulitsidwe.

Funso ili latifika pakhomo masiku ano mwa njira yina. Ana athu ena, atatsiriza sukulu, apempha kukaphunzira nchito ya uphungu ndi ya kusamalira anthu obvutika maganizo, ndi omangidwa ndi mowa kapena camba. Makolo adabwa, nati, Mphunzitsi timdziwa, namwino timdziwa. Koma uyu wolandira malipiro cifukwa ca kukhala pansi ndi zidakwa ndi amisala, agwira nchito yanji? Kodi sapeputsa ucimo pouchula nthenda? Kodi salanda nchito ya abusa? Sitingathe kuyankha makolo awa tisanayankhe akulu aja, pakuti funso lao ndi limodzi.

UMBONI WA THUPI

Tiyambe ndi cimene cioneka ndi maso. Mowa ufooketsa ubongo. Ndipo ubongo wa munthu wakumwa kacasu masiku onse kwa zaka zambiri uphunzira kulimbana nao, monga anthu awiri okokana cingwe. Mmodzi akataya cingweco mwadzidzidzi, mnzace agwa cagada. Cotero munthu wotere akaleka kumwa tsiku limodzi, manja ace anjenjemera, thukuta lituruka, asanza, ndipo tulo timthawa. Pa tsiku loyamba kapena laciwiri ena agwa ndi kuphupha ngati a khunyu. Pa lacitatu kapena lacinai ena asokonezeka mutu, naona njoka ndi tizirombo pa khoma popanda kanthu. Ndipo popanda mankhwala munthu angafe nako. Cifukwa cace abale amene amtsekera m'nyumba, kapena kummanga pa mtengo kuti mowa umcoke, angathe kumupha ali kumfunira zabwino. Munthu wotere asiye mowa pamaso pa a cipatala.

Izi si ulesi kapena mwano. M'caka ca 1956 bungwe la madotolo a ku America linabvomereza poyera kuti ucidakwa ndi nthenda yoyenera kulandiridwa m'cipatala. Ndipo kwathu kuno tinaona m'caka ca 2012, pamene Boma linaletsa mowa waukali wa m'timapaketi uja wochedwa tujilijili, kuti lamulo linacotsa timapaketi, koma silinacotsa ludzu. Ludzulo liri m'thupi, ndipo silimva kukalipa.

Za misala mau ali omveka koposa. Iyo idza ndi malungo okwera ku ubongo, kapena ndi kacirombo ka HIV. Igwira mkazi wina atangobala mwana. Iyenda m'magazi a mabanja ena. Ndipo camba ciiutsa mwa anyamata ena. Koma ife tifulumira kunena kuti walodzedwa, kapena kuti anaphonya cizimba ca mankhwala a cuma. Ndipo nkhalamba yosalakwa ipitikitsidwa m'mudzi, wodwalayo osaona cipatala. Ophunzira a Ambuye anafunanso wolakwa pamene anaona munthu wobadwa wosaona, monga tiwerenga pa Yohane 9, ndipo Ambuye anakana kuloza munthuyo kapena akumbala. Wamisala alibe mlandu pa kudwala kwace, ndipo bwalo la mpingo liribe cilango cimene lingamuike.

UMBONI WA CIKUMBU MTIMA

Koma za cidakwa sitingalekere pomwepo. Malungo sapempha cilolezo ca munthu asanamlowe. Cikho coyamba cija cinapempha, ndipo analola. Ndiponso wodwala malungo angacire ali gone, ena akummwetsa mankhwala. Koma palibe cidakwa cimene cinacira osafuna mwini wace. Pali mkazi womenyedwa, pali ana oturutsidwa m'sukulu, pali ng'ombe ya pa goli yogulitsidwa usiku. Tikauza mai uyo kuti zonsezi ndi nthenda cabe, timlakwira kawiri. Ndipo mwamunayo timcepsa. Pakuti mbuzi ikadya cimanga sitiitengera ku bwalo, popeza ndi mbuzi. Munthu timfunsa mlandu cifukwa ali munthu, wolengedwa m'cifanizo ca Mulungu, wokhoza kulapa.

Cozizwitsa ndi ici, kuti iwo amene analimbika kunena kuti ucidakwa ndi nthenda ndiwo analimbikanso pa kulapa. M'caka ca 1935 ku Akron, m'dziko la America, zidakwa ziwiri, Bill Wilson ndi dotolo Bob Smith, zinapeza kuti zikakhala pamodzi ndi kuuzana zoona zikhoza kupirira tsiku limodzi osamwa. Pamenepo panayambira gulu la Alcoholics Anonymous, limene lafalikira m'maiko ambiri. Pa makwerero ao 12 loyamba ndilo kubvomera kuti mowa wamposa munthu mphamvu. Koma ena otsatira afuna kuti aulule zolakwa zace kwa Mulungu ndi kwa munthu mnzace, ndi kuti akabweze kwa iwo amene anawalakwira. Anthu awa sanaona kutsutsana pakati pa kudwala ndi kupalamula.

Tiyese fanizo la kwathu. Mnyamata wosaka mbewa ayatsa chire mwezi wa Okutobala. Anayatsa yekha, mwa kufuna kwace. Koma mphepo ikauka, motowo suli wacenso. Ngakhale alire, sangauletse. Kodi mudzi ukhala pansi kuweruza mlandu nkhokwe ziri kupsa? Iai, onse athyola nthambi nathamangira moto, ndi mnyamatayo pamodzi nao. Mlandu ulipo ndithu, ndipo udzakambidwa. Koma uyamba ndi kuzima moto. Tero yankho lathu ndi ili: cidakwa ndiye wocimwa amene wadwala. Kuchula nthenda sikucotsa mlandu wace, ndipo kuchula chimo sikucotsa mangawa athu a kumthangata. Bwalo limene lilanga lokha, osatuma munthu womtsata wolangidwayo, laweruza mnyamata ndi kusiya moto.

NCHITO YA PHUNGU

Apa ndipo paima nchito imene ana athu apempha. M'masiku a atsamunda odwala misala ambiri a dziko lino anasungidwa m'ndende, ndi ena anatumizidwa kutali ku Ingutsheni, ku Bulawayo, kumene abale sanatha kuwaona. Cipatala ca Chainama ku Lusaka cinatsegulidwa m'caka ca 1962. Pa nyengo yomweyo sukulu ya Oppenheimer inayamba kuphunzitsa anchito osamalira anthu, ndipo inalowa m'Yunivesite ya Zambia pamene iyo inayamba m'caka ca 1966. Lamulo lakale la 1949 linachula odwala ndi maina onyoza. Linakhala kufikira 2019, pamene Nyumba ya Malamulo inaika latsopano, lakuti wodwala maganizo ali nao ulemu ndi ufulu monga munthu ali yense. Koma lamulo liribe miyendo. Lifika ku Katete, ku Petauke ndi ku Chadiza pokha pamene pali munthu wolinyamula.

Nanga munthuyo acita ciani? Coyamba amva. Akulu anati, wamisala anaona nkhondo. Ndiko kunena kuti ngakhale wonyozeka ali nao mau oona. Phungu aphunzira kufunsa kuti kumwa kunayamba liti, ndi cimene cinagwa caka cimeneco. Pakuti kawiri kawiri pansi pa mowa pali maliro, kapena ngongole, kapena manyazi osaneneka. Aphunzira kuzindikira amene afunika dotolo lero lomwe. Saopa kufunsa munthu wacisoni ngati aganiza za kudzipha, podziwa kuti funso lotere silimkankhira ku imfa, koma limpatsa mpata wa kulankhula. Ayendera nyumba, naona ngati mankhwala amwedwa; pakuti ambiri aleka akayamba kupeza bwino, ndipo nthenda ibweranso. Achinjiriza mkazi ndi ana pamene pali nkhanza. Ndipo munthu akagwanso, phungu sadabwa, koma afunsa cimene cinamgwetsa, nayambanso naye.

Ife tiri nao ankhoswe ndi anamkungwi, ndipo nchito yao njabwino. Koma nkhoswe ali ndi mbali yace, ya kucimuna kapena ya kucikazi, ndipo cimene amva cifika kwa eni mbumba. Phungu alibe mbali, ndipo alumbira kusunga cinsinsi, kupatula pamene moyo wa munthu uli pangozi. Cifukwa cace munthu amuuza zimene sangauze atsibweni ace. Ndipo phungu woona sauza cidakwa kuti ciribe mlandu. Amthandiza kuyang'ana cimene anacita osathawa, ndipo akana kumnamizira kwa mkazi wace kapena kwa womlemba nchito.

Kodi tsono alanda nchito ya abusa? Phungu sangakhululukire macimo, ndipo mbusa sangayese mankhwala. Pamene Eliya anathawira m'cipululu napempha kufa, monga pa 1 Mafumu 19, Mulungu anayamba kumpatsa cakudya, madzi ndi tulo, ndipo pambuyo pace analankhula naye. Munthu uja wa ku manda, wa pa Marko 5, anthu a kwao anadziwa unyolo wokha. Ambuye atamciritsa anambwezera ku nyumba kwa abale ace, pakuti kucira sikutha munthu asanalandiridwe kwao. Mulungu amene anapanga mzimu ndiye anapanganso ubongo, ndipo sacita nsanje ndi cipatala. Amene auza wodwala kuti ataye mankhwala kuti aonetse cikhulupiriro, adzayankha mlandu wa moyo umenewo.

MTENGO WACE WA NCHITOYI

Tisanyenge ana athu. Malipiro a nchito iyi sali akuru, ndipo mayamiko ace ngocepa. Womanga nyumba aona denga litatha. Phungu angagwire caka cathunthu ndi munthu mmodzi, namuona ali gone m'ngalande pa Krisimasi. Asenza zinsinsi zolemera zimene sangatule ngakhale kwa mkazi wace, ndipo akapanda kukhala ndi womlangiza iye mwini, ndi nthawi ya kupumula, mtima wace uuma kapena usweka. Wofuna kuchuka asalowemo. Wofuna kupulumutsa anthu ndi mphamvu yace asalowemonso, pakuti Mpulumutsi ndi mmodzi. Alowe iye amene akhoza kumva zonyansa osanyansidwa ndi munthu, ndi kunena zoona osaponya mwala.

Ndipo tikumbukire kumene tacokera. Ku Magwero, kufupi ndi Chipata, kumene Mau anafika m'caka ca 1899, mai Issie Hofmeyr anayamba kuphunzitsa akhungu m'caka ca 1905, pa nthawi imene anthu anayesa wakhungu munthu wongokhala. Lero palibe Mkristu wocita manyazi ndi nchito imeneyo. Cimene akhungu anali kwa makolo athu, zidakwa ndi amisala ali kwa ife.

Si onse adzapita ku sukulu zazikuru, koma nchitoyi iri ndi malo a osaphunziranso. Ku Harare, m'dziko la Zimbabwe, dotolo Dixon Chibanda anayamba m'caka ca 2006 kuphunzitsa agogo akazi kukhala pa benci kunja kwa kiliniki ndi kumva anthu obvutika ndi kuganizitsa. Pamene nchitoyo inayesedwa, zoturuka zace zinafalitsidwa m'caka ca 2016, ndipo zinaonetsa kuti ocezedwa ndi aphungu a pa benci anapeza bwino koposa olandira cithandizo ca masiku onse. Kodi amai a Cigwirizano sangaphunzire zotere? Mabenci tiri nao m'chalichi muli monse.

MAU OTSIRIZA

Kwa inu akulu a mpingo: langani, pakuti cilango ciri ndi malo ace, koma musatseke buku musanachule dzina la mkulu amene adzayendera munthuyo sabata ndi sabata, ndi kumperekeza ku cipatala ngati manja ace anjenjemera. Funsaninso za mkazi ndi ana, ngati agona mwamtendere.

Kwa inu makolo: mwana wanu akati afuna nchito iyi, musamuyese wotaya maphunziro. Caona mnzako capita, mawa ciri pa iwe; palibe mbumba imene iribe wace womangidwa. Pamene Nowa analedzera nagona wamarisece, mwana mmodzi anakauza ena kunja, koma awiri anatenga copfunda namfunda atate wao. Mwana wanu apempha kukhala mmodzi wa awiriwo.

Ndi kwa iwe mbale amene uwerenga izi mobisa, botolo liri pansi pa mphasa: mlandu uli nao, ndipo nthenda uli nayonso, zonse ziwiri ziri ndi kopita. Usadikire caka catsopano cina. Pita kwa abusa ako, pitanso ku cipatala, ndipo unene zoona konse kuwiri. Ambuye amene anafuna nkhosa yotayika atipatse anchito a m'munda uwu, natipatse ife tonse mtima wa kuwalandira.