Kodi Pali Udindo Wosamala Matenda Osapweteka?

Malungo akamugwetsa munthu, safunika kumukumbutsa njira ya kuchipatala. Ululu umamutuma wokha. Kuthamanga kwa magazi, kumene ambiri amangoti BP, n'kosiyana: kumatha kukhala m'thupi zaka zambiri munthu akulima, akupalasa njinga, akuimba m'kwaya, osamva chilichonse. Ndiye chikumbumtima chimafunsa: kodi munthu ali ndi udindo pa matenda amene sakumupweteka?

Mtima umapopa magazi m'mitsempha monga mmene pampu imakankhira madzi m'paipi. Kuchipatala akayeza amapereka manambala awiri. Yapamwamba ndi mphamvu ya magazi mtima ukamapopa, yapansi ndi mphamvuyo mtima ukapumira. Muyezo wa 120/80 ndi wabwino kwa munthu wamkulu. Ukafika 140/90 kapena kupitirira, pa masiku awiri osiyana, achipatala amati BP ndi yokwera. Mitsempha yopanikizika chotere imauma ndi kuwonongeka pang'onopang'ono, mpaka tsiku lina umodzi wa mu ubongo umatsekeka kapena kuphulika. Imeneyo ndiye sitiroko. Mtima, impso ndi maso nazonso zimalipira. Kafukufuku wa STEPS wa m'chaka cha 2009 anapeza kuti m'Malawi muno pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse a zaka 25 mpaka 64 anali ndi vutoli, ndipo ambiri sankadziwa.

Kudwala si tchimo. BP imayenda m'mtundu, imakweranso ndi ukalamba, ndipo alipo oonda osalawa mowa amene ali nayo. Woloza chala wodwala sitiroko akulakwira choonadi ndi chikondi chomwe. Koma Katekisimu wa Mpingo wa Katolika, pa ndime 2288, pofotokoza lamulo lachisanu, amaphunzitsa kuti moyo ndi thanzi ndi mphatso zimene munthu anasungitsidwa, ndipo ayenera kuzisamala mwanzeru. Wosungitsidwa mbuzi za eni sadikira kuti zilire kuti akayang'ane khola.

Wina atha kunena kuti thupi ndi lake, mchere ndi wake, imfanso ndi yake. Zikanakhala zoona sitiroko ikanamagwira munthu mmodzi. Bambo akafa ziwalo mbali imodzi, wowatembenuza usiku ndi mayi. Wosiya sukulu kuti aziwadyetsa ndi mwana wamkazi. Ndalama ya feteleza imathera pa galimoto yopita kuchipatala. Ufulu umene bamboyo ankauteteza patebulo amaulipira ndi ena, amene sanafunsidwe.

Enanso amasiya mankhwala atapemphereredwa, poganiza kuti kupitiriza kumwa n'kukayikira Mulungu. Cholinga chawo n'choyera, koma maganizowa ali ndi mphako. Manambala anatsika chifukwa cha mankhwalawo, ndipo akasiya amakweranso mwakachetechete. Yesu ali pamwamba pa Kachisi anakana kudziponya pansi kuti angelo amuwakhe. Kutaya mapilitsi popanda mawu a dokotala kuli pafupi ndi kudumpha kumene Iye anakana.

Zoti munthu achite si zachilendo. Bungwe la WHO limalangiza mchere wosafika magalamu 5 pa tsiku, pafupifupi kasupuni kamodzi ka tiyi, kuwerengera ndi wobisika: wa m'timakyubu tokometsera ndiwo, wa m'buledi, wothira pa tchipisi ndi kanyenya. Soda wa m'therere ndi m'chigwada nayenso ali ndi sodiyamu, chinthu chomwecho chimene chimachititsa mchere kusunga madzi m'thupi ndi kukweza BP. Nthochi, nyemba, mbatata ndi masamba zili ndi potaziyamu amene amathandiza kuitsitsa. Kuyenda ndawala mphindi 30, masiku asanu pa sabata, kumakwanira muyezo wa mphindi 150 umene akatswiri amalimbikitsa. Fodya n'ngosiyiratu, mowa n'ngochepetsa kwambiri, ndipo wonenepa akatsitsako makilogalamu angapo manambala amatsika naye. Kwa ena izi zimakwanira. Kwa ena mankhwala amafunikabe, nthawi zambiri moyo wonse.

Chovuta chenicheni chili pa mphika. Pabanja mphika wa ndiwo ndi umodzi, ndipo wodwala BP kawirikawiri si amene amaphika. Kumupatulira kambale kake kozizira, ena akunyambita zala, n'kumusala pa chakudya, ndipo sapirira sabata ziwiri asanatumize mwana kukatenga mchere. Banja lonse likachepetsa pang'onopang'ono, lilime limazolowera pakapita masabata angapo, ana nawonso amakula osakonda mchere wambiri. Apa udindo uja wachoka pa mutu wa wodwala yekha. Wagwera mayi wophika, apongozi amene amanyoza ndiwo zosakolera, mnzake womuumiriza botolo lina, ngakhale mphakati umene pa chikondwerero umayesa ulemu ndi kuchuluka kwa mafuta. Moni uja wakuti "mwanenepatu, zikukuyenderani" nayenso ngofunika kumuganizira kawiri.

Udindo umayenda ndi kuthekera. Mayi wa kumudzi amene chipatala chili kutali, ndipo akafikako amapeza mankhwala atatha, sangaweruzidwe mofanana ndi munthu wa mu ofesi amene amadutsa pa famase tsiku lililonse. Wachiwiriyu chimamuletsa nthawi zambiri ndi mantha: amaopa kumva manambala, poganiza kuti chosayezedwa kulibe. Kuyezako kumatenga mphindi zochepa, pamkono, popanda jakisoni.